Nyumba Zotsekeramo Tizilombo: Kuchokera pa Bwemba Mpaka ku Pirbright

Mukachoka pa msika waukulu wa ku Old Town mu Lilongwe, n'kuwoloka mlatho, n'kutsata msewu wa ku Likuni, simuyenda mtunda wautali musanafike pa Bwemba. Okwera minibasi ambiri amangodutsapo, maganizo ali ku Chinsapo kapena ku Chigwirizano. Pamenepa ndi pamene pali Central Veterinary Laboratory, labotale yaikulu ya boma yoyeza matenda a ziweto. Ili pansi pa nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto mu unduna wa zamalimidwe, ndipo ili ndi ang'ono ake awiri, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Mutu wa galu woganiziridwa chiwewe, ndulu ya nkhumba yofa mwadzidzidzi, magazi a ng'ombe yotupa mwanabele, zonsezi zimathera pano. Koma pali tizilombo tina toopsa kwambiri timene ulendo wake suthera pa Bwemba. Timangogonapo, n'kupakidwa, n'kukwera ndege. Kamodzi mwa tizilombo totere kanatenga dzina la kwathu kuno, ndipo mpaka lero kakusungidwa m'mafiriji a maiko akutali.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a pa labotaleyi pamodzi ndi wofufuza wina, J. M. Haresnape, ankazungulira m'midzi kulondola chigodola cha nkhumba. Ankatenga magazi a nkhumba, komanso ankafufuza m'ming'alu ya makola ndi m'zipupa za nyumba zogona anthu, kutola nkhufi. Ana a m'tauni nkhufi sazidziwa. Ndi nkhupakupa zofewa, zotuwa ngati dothi, zimene sizikakamira pa chiweto masiku ambiri monga zimachitira nkhupakupa za ng'ombe. Masana zimabisala, usiku n'kutuluka kudzayamwa magazi kanthawi kochepa, n'kubwerera m'ming'alu. Ofufuzawo anatola nkhufi m'maboma 9 mwa maboma 24 amene dziko linali nawo nthawi imeneyo, ndipo mothandizana ndi anzawo a ku Pirbright ku England, anapeza kachilombo ka chigodola, kamoyo, m'nkhufi za m'midzi ina ya ku Mchinji. Kamodzi mwa tizilombo timeneti, ka mu 1983, kanalembedwa m'kaundula kuti Malawi Lil-20/1. Zilembo zitatu zapakatizo munthu wa ku Lilongwe safunsa tanthauzo lake.

Zimene anapezazo zinayankha funso limene alimi a ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Angonia anakhala nalo kalekale: bwanji nthenda imabwereranso m'khola lomwelo ngakhale patapita nthawi mulibe nkhumba? Kachilomboko kamakhala kakudikira m'nkhufi, ndipo nkhufi imatha kukhala nthawi yaitali osadya. Ine ndinakulira pakhomo pamene nkhumba inali fizi ya sukulu, ndipo chigodola ndinachiona ndi maso. Nkhumba imasiya kudya madeya, imagona mounjikana ndi zinzake, makutu ndi kumimba kumafiira ngati yapsa ndi madzi otentha, ndipo sabata isanathe khola lili zii. Zimene timachita zikatero tonse tikuzidziwa: timapha msanga zotsalazo, nyama n'kugulitsa motchipa, ina n'kukathera pa chiwaya. Munthu sadwala nacho chigodola cha nkhumba, koma kachilomboko kamayenda m'nyamayo, pa nsapato, pa njinga ya wogula, mpaka kukalowa m'khola la mudzi wina. Mankhwala ochiza palibe.

Kachilombo kotere sungakachulukitse m'chipinda wamba. Malabotale padziko amaikidwa m'magulu anayi kutengera kuopsa kwa zimene akugwira, ndipo gulu lachitatu ndi lachinayi ndiwo otsekedwa kwambiri. Wolowa m'chigawo chosungiramo tizilombo ta ziweto ku Pirbright amavula zovala zonse za kunyumba, n'kuvala za momwemo. Potuluka amasamba thupi lonse ndi tsitsi lomwe, ndipo kwa masiku angapo saloledwa kuyandikira khola la ng'ombe, nkhosa kapena nkhumba, chifukwa kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi kamatha kubisala m'mphuno mwa munthu. Mpweya wa m'nyumbamo umakokedwa ndi makina usana ndi usiku kotero kuti chitseko chikatseguka, mphepo imalowa m'kati, siituluka. Mpweya wotuluka umadutsa m'masefa okola ngakhale kachilombo. Madzi onse, a m'bafa ndi otsukira makola omwe, amaphikidwa kapena kuthiridwa mankhwala asanatayidwe. Nyama yalowamo siitulukanso yamoyo. M'gulu lachinayi, momwe amagwira tizilombo topha anthu monga Ebola, wogwira ntchito amavala chovala chofufuma chokuta thupi lonse, ndipo amapuma mpweya wobwera pa paipi yakeyake. Magetsi akangozima kwa mphindi zochepa popanda injini yolowa m'malo, chitetezo chonsecho chagwa.

Nzeru yotsekera tizilombo inabadwa chifukwa cha ngozi. Mu 1898 Friedrich Loeffler ndi Paul Frosch ku Germany anaonetsa kuti choyambitsa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi n'chaching'ono kwambiri moti chimadutsa m'sefa yokola mabakiteriya. Aka kanali koyamba kuzindikira vairasi ya ziweto. Koma kafukufuku wa Loeffler mumzinda wa Greifswald ankapatsira nthendayo ng'ombe za alimi oyandikana naye, mpaka boma linamuletsa. Mu 1910 anasamukira pa chilumba cha Riems, kuti madzi akhale mpanda. Amereka anatengera zomwezo mu 1954 potsegula labotale pa chilumba cha Plum Island, kufupi ndi New York. Angerezi anasankha Pirbright, kumene kafukufuku wa nthendayi anayamba m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1958 bungwe la FAO linasankha malowa kukhala likulu la dziko lonse loyezera matendawa.

Kwathu kuno mbiri inayamba ndi maliro a ng'ombe. Cha m'ma 1892 mliri wa rinderpest, wochokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa, unafika kumutu kwa nyanja, n'kupululutsa ng'ombe za ku Karonga pamodzi ndi njati za m'tchire. Pofika 1896 unali utawoloka Zambezi. Posakhalitsa chigodola cha ng'ombe chinalowa ku Rhodesia ndi ku Transvaal, n'kupha ng'ombe za azungu zosazolowera nthendayi. Masoka awiriwa ndiwo anakankha boma la Transvaal kumanga labotale ya Onderstepoort pafupi ndi Pretoria mu 1908, motsogozedwa ndi Arnold Theiler, dotolo wa ziweto wobadwira ku Switzerland. Kachilombo ka chigodola cha ng'ombe, Theileria parva, kanatchedwa dzina lake. Kuyambira pamenepo, njira ya zoyeza za m'chigawo chino inaloza kum'mwera.

Komabe chigawo chapakati chinakhalapo ndi labotale yakeyake yofufuza nthenda yochoka ku nyama kupita kwa anthu, kale kwambiri, Lilongwe ali boma laling'ono la nyumba zowerengeka. Mu 1910 asayansi a ku Liverpool anazindikira mtundu watsopano wa kaodzera mwa munthu amene anadwalira ku chigwa cha Luangwa, ndipo anthu anali kufa nawonso kunsi kwa mapiri a Dowa cha kunyanja. Bungwe la Royal Society linatumiza David Bruce, yemwe m'mbuyomo anali atapeza ku Zululand kuti kashembe ndiye amafalitsa nthenda ya nagana mu ng'ombe. Pakati pa 1912 ndi 1914, Bruce, mkazi wake Mary ndi anzawo anamanga msasa pa phiri la Kasu m'boma la Central Angoniland. Ankawombera nyama za m'tchire, kuyeza magazi ake, n'kubaya magaziwo agalu, mbuzi ndi anyani kuti aone ngati adwale. Anatsimikiza kuti nyama za m'tchire ndizo nkhokwe ya kachilomboko, ndipo malangizo awo anali oti nyamazo ziphedwe m'madera a kashembe. Pa msasawo panalibe masefa a mpweya kapena zitseko zachitsulo. Chitetezo chake chinali phiri, pamwamba pomwe kashembe safika. Ndipo anthu akuda amene ankagwira kashembe ndi manja, kunyamula mitembo ya nyama ndi kudyetsa anyani odwalawo, mbiri sinawapatse malo amene anayenera. Kaodzera yemweyo akadalipo lero m'midzi yozungulira Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu.

Zaka zotsatira, chida chachikulu cha boma chinali dipi. Ng'ombe zinkasambitsidwa m'mankhwala ophera nkhupakupa mwa lamulo, mlangizi wa ziweto ali pomwepo ndi kaundula wake, ndipo mlangiziyo ndiye anali diso la boma: ng'ombe yotsimphina kapena yotuluka dovu ankaiona msanga. Dziko litalandira ufulu, lamulo loteteza ziweto ku matenda linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, maofesi a unduna anakwera ku Capital Hill, ntchito ya manja ya zoyezayeza n'kukhazikika kutsidya, pa Bwemba. M'zaka za m'ma 1990 boma linachepetsa dzanja lake pa madipi, ambiri anagumuka, ena anamera udzu. Kutayika kwa madipi anthu amakuwerengera pa nkhupakupa zokha. Ine ndimaona kuti chinatayika kwambiri ndi diso lija. Labotale, ikhale yokongola chotani, imayeza chokhacho chimene wina waibweretsera.

Tisaganize kuti pa Bwemba ndi pongodutsira. Pali ntchito ziwiri zimene Amalawi tiyenera kuzinyadira. Yoyamba ndi katemera wa chitopa wotchedwa I-2, amene anatulukira ku yunivesite ya Queensland ku Australia pansi pa Peter Spradbrow, ndipo anayamba kupangidwa kuno m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Amachulukitsidwa m'mazira a nkhuku, amapirira kutentha kuposa akatemera ena, ndipo kaperekedwe kake ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku pa miyezi inayi iliyonse. Mayi wa kumudzi ataphunzitsidwa amatha kutemera nkhuku za mudzi wonse.

Yachiwiri ndi yodabwitsa kwambiri. Pa Bwemba pomwepo pali Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, likulu limene mizu yake ili m'ntchito za FAO zolimbana ndi chigodola cha ng'ombe, ndipo pambuyo pake linakhala pansi pa African Union. Mu December 2014 linatsegulira ntchito yopanga katemera wa chigodola cha ng'ombe wotchedwa Muguga cocktail, mothandizidwa ndi bungwe la GALVmed, luso lake litachokera ku ILRI ku Nairobi. Katemerayu anatulukira ku Muguga ku Kenya m'zaka za m'ma 1970, ndipo kapangidwe kake n'kosiyana ndi akatemera ena. Ng'ombe zimapatsidwa nthendayo mwadala. Ana a nkhupakupa ya m'makutu amaikidwa pa ng'ombezo kuti ayamwe magazi odwala. Akakula amadyetsedwa masiku ochepa pa makutu a akalulu kuti tizilombo tikhwime m'malovu mwawo, kenako amatoledwa, kuperedwa, kusefedwa, ndipo madzi akewo amathiridwa m'timapaipi tating'ono n'kumizidwa mu nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Pobaya mwana wa ng'ombe, amamupatsa kachilombo kamoyo pafupi ndi khutu, nthawi yomweyo n'kumubayanso oxytetracycline wokhalitsa m'thupi. Amadwala pang'ono, amachira, ndipo chitetezo chake n'cha moyo wonse. Akatswiri amayerekeza kuti chigodola chimapha ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi pa chaka mu Africa. Katemera wothandiza maiko angapo a kum'mawa ndi pakati pa Africa anapatsidwa mudzi wake m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, ndipo anthu ambiri a mumzinda uno sadziwa n'komwe.

Pa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ndi pamene kuchepa kwathu kumaonekera. Nthendayi imabukabuka ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene ng'ombe zimayandikana ndi njati za ku Lengwe, ndipo mu 2022 inabuka ku Mchinji. Ikabuka, boma limatseka misika ya ng'ombe, limaletsa kuyendetsa ziweto ndi nyama, ndipo mabutchala a m'mizinda amamva kuwawa. Koma kachilomboka kali ndi mitundu 7, ndipo katemera wa mtundu umodzi sateteza ku unzake. Kum'mwera kwa Africa yozolowereka ndi SAT 1, SAT 2 ndi SAT 3. Wa ku Mchinji uja unapezeka kuti ndi mtundu wa O. Kuti zimenezi zidziwike bwinobwino, dotolo amadula kachikopa ka chithuza cha pa lilime la ng'ombe, amakaika m'kabotolo ka madzi osungira, kabotoloko m'chitini chomata, chitinicho m'bokosi lozizira, pamodzi ndi zikalata za chilolezo cha maiko awiri. Ulendo wake ndi wa ku Botswana Vaccine Institute ku Gaborone, imene inakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kapena ku Onderstepoort, kapena ku Pirbright. Katemera amene timabaya ng'ombe zathu amachokeranso ku Gaborone komweko. Masiku onse amene bokosi lili pa ulendo, ng'ombe zikumwera pa dambo limodzi.

Ndiye wina angafunse: bwanji osamanga yathu? Funsoli ndi loyenera, ndipo inenso mtima umandiwawa kuona kuti nkhufi inali yathu, nkhumba zinafa zathu, koma luso lonse lochokera m'kachilomboko linakulira kwa eni mafiriji. Komabe tiyeni tione zimene zinachitika ku Pirbright mu August 2007. Mapaipi akale otaya madzi oipa anali atang'ambika, mizu ya mitengo italowamo, ndipo kunagwa mvula yambiri. Kachilombo kanatulukira m'dothi, magalimoto a omanga anakanyamula pa matayala, ndipo mafamu 8 a m'dera la Surrey ndi loyandikana nalo anagwidwa ndi nthendayo. Izi zinachitika m'dziko limene zaka 6 m'mbuyomo linali litapha ziweto zoposa 6 miliyoni pothana ndi nthenda yomweyi. Chinalephera si sayansi ayi, koma kukonza paipi. Amereka, posamuka ku Plum Island, amanga labotale yatsopano ku Manhattan m'chigawo cha Kansas, imene anaitsegulira mu 2023, pa mtengo woposa madola 1 biliyoni. Kumanga ndi chiyambi chabe. Nyumba yotere imadya magetsi, masefa ndi amisiri tsiku lililonse, chaka chili chonse, kaya bajeti yadutsa kaya yachedwa. Labotale yotsekedwa imene yasowa ndalama zokonzera ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, makamaka pakati pa mzinda wozunguliridwa ndi makola.

Chimene ndikuona kuti tingachikwanitse, ndipo tachedwa nacho, ndi kulimbitsa pa Bwemba pamlingo wake. Makina a PCR amatha kuzindikira kachilombo kophedwa kale ndi mankhwala, popanda kukachulukitsa, ndipo yankho limatuluka tsiku lomwelo. Zimenezi zimafuna mankhwala oyezera osatha ntchito, magetsi osazima, galimoto yokhala ndi mafuta yokatenga zoyeza ku Nsanje, ndi anthu olipidwa mokwanira kuti asathawire kunja. Pa anthu pali chiyembekezo: kwa zaka zambiri madotolo athu a ziweto ankaphunzira kunja ndipo anali owerengeka, koma tsopano LUANAR ku Bunda ikuphunzitsa ake, ndipo oyamba anamaliza mu 2019.

Okhala ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 asaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi. Mpanda wa njerwa umatsekereza wakuba, koma nkhuku ya lokolo imalowa pa geti ili pa njinga, nyama ya mbuzi imachokera ku misika ya kunja kwa mzinda, ndipo mwana wa mlonda amadutsa pakati pa agalu osatemera popita kusukulu. Afisi amayenda usiku m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, pakati penipeni pa Old Town ndi City Centre. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchira kulibe, ndipo chimene chimauza adotolo msanga ngati galu woluma uja anali nacho ndi ubongo wake, woyezedwa pa maikulosikopu m'chipinda chamdima pa Bwemba. Kumapeto kwa 2018 anthrax inapha mvuu zambiri ku Liwonde, ndipo mu 2023 inavuta kwambiri ku Zambia, anthu n'kudwala atadya kapena kusenda nyama yofa yokha. Mu 2008 mayi wina anadwala ku Lusaka n'kutengedwa pa ndege kupita ku Johannesburg. Anamwalira, ndipo mwa anthu anayi amene anatengera nthendayo pomusamalira ndi poyeretsa chipinda chake, atatu anamwaliranso. Kachilomboko kanali kachilendo, ndipo ntchito yokazindikira inayambira mu labotale ya gulu lachinayi ya NICD ku Johannesburg, mothandizana ndi anzawo a ku America. Anakatcha Lujo, kuphatikiza Lusaka ndi Johannesburg. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Lilongwe ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi. Malawi alibe labotale ya gulu lachinayi, choncho tsiku lotere likadzatifikira, zoyeza zidzadutsa ku Area 3, kumene kuli malabotale a Public Health Institute of Malawi, n'kulowera kum'mwera, monga zinachitikira ndi poliyo amene anapezeka mwa mwana wa mu Lilongwe n'kulengezedwa mu February 2022. A ku Area 3 ndi a pa Bwemba ali mbali imodzi ya mtsinje, mtunda wochepa kwambiri, koma ali pansi pa maunduna awiri osiyana, ndipo nthenda zochoka ku nyama zimadutsa pakati pawo.

Lil-20/1 uja anayenda ulendo wautali. Ku Pirbright, Linda Dixon ndi anzake anawerenga chigawo chachikulu cha chibadwa chake n'kuchifalitsa mu 1994. Ku Plum Island asayansi ankamuchotsa tizigawo tina kuti aone chimene chimamupatsa ukali. Ali ndi mnzake wachikulire, Tengani 62, wotengedwa kwa Tengani ku Nsanje mu 1962. Nthawi imeneyo chigodola cha nkhumba ambiri ankachiona ngati vuto la Africa ndi maiko ochepa a ku Ulaya. Mu 2007 chinatulukira ku Georgia, ndipo mtundu wake unali wofanana ndi wa ku Mozambique, Zambia ndi Madagascar. Chinafalikira ku Russia ndi ku Ulaya, mu August 2018 chinalowa ku China, dziko loweta nkhumba zambiri kuposa lina lililonse, ndipo ndalama za kafukufuku zinasefukira. Katemera woyamba kuloledwa kugulitsidwa, ku Vietnam, anachokera ku ntchito ya ku Plum Island, ndipo anapangidwa kuchokera ku kachilombo ka ku Georgia, ka gulu lachiwiri pa kaundula wa mitundu ya chigodola. Ka ku Mchinji ndi ka gulu lachisanu ndi chitatu. Mlimi wa kwa Mkanda kapena ku Kapiri, amene nkhufi za m'dera lake zinaphunzitsa dziko za nthendayi, katemera wa nkhumba zake sanamuonebe. Chigodola chikamveka mudzi woyandikana nawo, amatsekera nkhumba m'khola, amaletsa alendo kuyandikira, ndipo amatuma mwana kukaitana alangizi.